Kuchokera pa Lizulu kukafika ku matanthwe a korali

Pakati pa Dedza ndi Ntcheu malire athu ndi Mozambique amatsata msana wa mapiri, ndipo pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malirewo. Mvula ikagwa pamtunda umenewu imagawikana. Madzi ena amatsikira mbali ya kuno, m'mitsinje ngati Linthipe, Livulezi ndi Bwanje, n'kukathira m'nyanja ya Malawi, kapena kudzera mu Rivirivi n'kukalowa mu Shire. Ena amalowera ku Angónia n'kutsetsereka cha ku Tete. Koma onsewo amakakumananso mu Zambezi, ndipo Zambezi amakawatula m'nyanja yamchere ya Indian Ocean. Gombe la nyanja yamchere tilibe, komabe tili kumtunda kwake, ndipo aliyense wolima dimba akudziwa kuti wa kumtunda akavundula madzi, womwa matope ndi wa kumunsi.

Mu 2025 dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations loteteza zamoyo za m'nyanja za pakati, zimene si za dziko lililonse, ndipo linali loyamba kutero mwa mayiko opanda gombe. Wina angaseke kuti taphika nsima yopanda mbale. Kuti munthu aone ngati zinali zoseketsadi, ayambe wadziwa chinthu chimodzi chimene mapangano otere akuyesa kupulumutsa, chomwe ndi korali.

Korali ukamuona pachithunzi ungati ndi mwala kapena chitsamba, koma ndi nyama. Ndi tizilombo tofewa, tambiri tosaposa njere ya nandolo, tokhala pamodzi masauzandemasauzande, ndipo kalikonse kamadzimangira chigoba cha laimu wonga amene ali m'chigoba cha nkhono. Takale tikafa, tatsopano timamanga pamwamba pake, mpaka patapita zaka masauzande pamakhala thanthwe lalitali makilomita ambiri. M'thupi mwa kachilomboka mumakhala ndere yosaoneka ndi maso. Ndereyo imapanga chakudya ndi dzuwa monga limachitira tsamba, ndipo imatha kupatsa korali magawo 90 pa 100 a chakudya chake, kuphatikizapo mtundu wake wokongola uja. N'chifukwa chake matanthwewa amafuna madzi osaya, oyera ndi ofunda. Pamatsiriro a Zambezi, pomwe madzi ndi amatope ndiponso mchere wake ndi wosukuluka, korali ndi wosowa. Wa ku Mozambique ali kumpoto, cha ku Nacala, Pemba, zilumba za Quirimbas ndi za Primeiras e Segundas, ndiponso kummwera ku Bazaruto ndi Ponta do Ouro. Pa dziko lonse matanthwe amenewa sakwana ngakhale gawo limodzi pa 100 a pansi pa nyanja, koma pafupifupi mtundu umodzi mwa mitundu inayi iliyonse ya zamoyo za m'nyanja umadalira iwowo.

Chimene chikumupha kwambiri ndi kutentha. Madzi akapitirira ndi digiri imodzi yokha kutentha kwa mwezi wotentha kwambiri wa pamalopo, n'kukhala choncho masabata angapo, ndere ija imayamba kutulutsa zinthu zowononga thupi la korali, ndiye korali amailavula. Akailavula amatsala woyera mbuu ngati ufa woyera woanika pamphasa. Apa sanafe, ali ndi njala chabe. Madzi akazizira msanga ndere imabwerera. Akachedwa kuzizira, korali amafa ndipo chigoba chake chimakutidwa ndi ndere ina yoterera, kenaka chimafumbutuka.

Bungwe la NOAA la ku America limayeza kutentha kwa nyanja ndi masetilaiti tsiku lililonse, ndipo kawerengedwe kake n'kosavuta. Amaphatikiza kutentha kopitirira muyeso kwa masabata 12 apitawo. Digiri imodzi kwa masabata anayi ndi 4. Madigiri awiri kwa masabata awiri ndi 4 yemweyo. Nambalayo ikafika 4, yembekezerani kuyera. Ikafika 8, yembekezerani imfa. Kumapeto kwa 2023 anachita kuwonjezera magulu ena a chenjezo ofika pa 20, chifukwa muyeso wakale unali utachepa. Kuyera kokhudza nyanja zonse nthawi imodzi kwachitika kanayi: mu 1998, mu 2010, kuyambira 2014 mpaka 2017, ndipo kwachinayi kunalengezedwa mu Epulo 2024. Pofika chaka cha 2025, kutentha kwa ulendo wachinayiwu kunali kutakhudza pafupifupi magawo 84 pa 100 a matanthwe onse. Taonani mipata ya zakazo. Korali wofulumira kukula amafuna zaka 10 mpaka 15 kuti abwerere mwakale, koma mliri wina ukumabwera asanadzuke. Mu 1998 zilumba za mkati za Seychelles zinataya pafupifupi magawo 90 pa 100 a korali wamoyo. Ndipo lipoti la 2018 la IPCC, gulu la akatswiri a zanyengo la United Nations, linanena mosabisa kuti dziko likatentha ndi madigiri 1.5, magawo 70 mpaka 90 pa 100 adzatha, likafika madigiri awiri adzatsala osakwana gawo limodzi.

Mpweya wa kaboni womwewo umene ukutenthetsa dziko umasungunukanso m'madzi n'kuwawawasa pang'ono. Ikani chigoba cha dzira mu viniga usiku umodzi muone. Nyanja sinafike pamenepo, koma kumanga chigoba kukukhala kovutirapo.

Utsi wotenthetsa madzi a ku Quirimbas si wa msodzi wa pa chilumba cha Ibo komweko. Apa ndi pamene dziko limodzi limaperewera. Koma pali chifukwa china chimene anthu ambiri sachidziwa, ndicho mbewu. Makorali ambiri amaswana potulutsa mazira ndi umuna m'madzi nthawi imodzi, masiku ochepa mwezi ukakhala wathunthu. Tiana take timayandama masiku kapena masabata tisanapeze mwala wokhazikikapo. M'nyanja muli madzi oyenda ngati mtsinje waukulu ochokera kum'mawa, amene amadutsa kumpoto kwa Madagascar n'kudzagunda gombe cha kumalire a Tanzania ndi Mozambique. Pamenepo amagawikana: ena kumpoto ku Tanzania ndi Kenya, ena kummwera pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Choncho thanthwe la dziko lina limabzalidwa ndi mbewu ya dziko lina, monga mmene mungu wa chimanga cha mnzako wa munda woyandikana umalowera m'munda mwako osagogoda. Dera la kumpoto kwa Mozambique limenelo ndi lachiwiri pa kuchuluka kwa mitundu ya korali, kutsatira la ku Indonesia ndi Philippines. Likawonongeka, nkhokwe ya mbewu ya gombe lonse yapsa.

Mayiko a m'gombeli ali ndi pangano lawo la Nairobi Convention, losainidwa mu 1985 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1996. Muli mayiko khumi: Somalia, Kenya, Tanzania, Mozambique, South Africa, Madagascar, Comoros, Seychelles, Mauritius ndi France chifukwa cha chilumba cha Réunion. Pa dziko lonse pali mgwirizano woteteza korali wa ICRI, umene unakhazikitsidwa mu 1994. Kunena zoona, phindu lalikulu la mabungwe amenewa si misonkhano ya m'mahotela. Ndi loti achititsa anthu a mayiko osiyana kuyeza ndi chikho chimodzi. Pamsika wa Tsangano wina akamagulitsa mbatata ya kachewere pa ndowa yophwanyika m'mbali, wina pa ndowa yabwino, simungadziwe mtengo weniweni. Momwemonso ndi korali. Njira yoyezera korali yotchedwa Reef Check imati wosambira ayale tepi ya mamita 100 pansi pa madzi, aigawe zigawo zinayi za mamita 20, kusiya mipata ya mamita asanu, ndipo pa theka la mita lililonse alembe chimene chili pansi pa tepiyo: korali wamoyo, wakufa kumene, ndere, mchenga kapena zibuma. Zimakhala mfundo 160 pa tepi imodzi. Chaka chamawa abwerere pamalo omwewo, pa kuya komweko. Cholakwika chofala n'chakuti anthu amasankha malo okongola oyandikira hotela, ndiye nambala zimaoneka bwino kuposa mmene nyanja ilili. China n'chakuti ndalama za pulojekiti zikatha pa zaka zitatu, kuyezako kumathera pomwepo ndipo mzera wa zaka umaduka. Kuphatikiza miyeso yotere ya mayiko oposa 70 ndi kumene kunaonetsa kuti pakati pa 2009 ndi 2018 dziko linataya pafupifupi magawo 14 pa 100 a korali wake. M'gombe la kum'mawa kwa Africa ntchito imeneyi ikutsogoleredwa kwambiri ndi mabungwe a kafukufuku wa nyanja, CORDIO ya ku Mombasa, yoyambitsidwa pambuyo pa mliri wa 1998, ndi WIOMSA ya ku Zanzibar.

Tsopano za kubzala, popeza ndi zimene zimatuluka pa Facebook. Korali amabzalidwa ngati chinangwa, ndi zidutswa. Amatola tinthambi tothyoka ndi mafunde, kapena kudula pang'ono pa korali wathanzi, osapitirira gawo limodzi pa magawo khumi a tsinde lake. Kadutswa kamakhala masentimita asanu mpaka khumi. Amakapana pakati pa zingwe za chingwe chopota, kapena kukamangirira pa mtengo wa mapaipi a pulasitiki woyandama pakati pa madzi, mamita angapo pansi pa mafunde, kutali ndi mchenga wa pansi. Imeneyo ndiyo nazale. Imafuna kupalira: sabata iliyonse kapena masabata awiri munthu amire ndi burashi, ena amagwiritsa mswachi weniweni, kuchotsa ndere ndi tinkhono todya korali. Pakatha miyezi 6 mpaka 12 amawokera pa thanthwe, atakwecha mwalawo kuti uyere, n'kumata ndi simenti kapena guluu wa m'madzi, kapena kukhomera msomali n'kumangirirapo. Lamulo lake ndi limodzi: kadutswako kasagwedere. Kakamagwedera ndi mafunde, mnofu wake umanyuka pamwala ndipo sikagwira. Kumene thanthwe linasanduka zibuma zogubuduzika chifukwa cha mabomba a asodzi, ku Sulawesi m'dziko la Indonesia amaika timafelemu ta zitsulo ta mbali zisanu ndi imodzi, topakidwa utomoni ndi mchenga, n'kutilumikiza ngati ukonde, ndipo pa kalikonse amamangirira zidutswa pafupifupi 15.

Zovuta zake ndi zomwe timaziona pa nyengo yobzala mitengo kuno. Amawerenga mbande zobzalidwa, osati zimene zakhala mitengo. Kafukufuku wina wa 2020 amene anasonkhanitsa mapulojekiti mazana anapeza kuti zidutswa 60 mpaka 70 pa 100 zimapulumuka, koma ambiri mwa mapulojekitiwo anasiya kuyang'anira pasanathe miyezi 18, ndipo malo obzalidwawo nthawi zambiri ndi aang'ono, ngati bwalo la pakhomo. Vuto lina ndi la mtundu. Aliyense amakonda korali wa nthambi wotchedwa Acropora chifukwa amatha kukula masentimita khumi pa chaka, pomwe wa chulu wotchedwa Porites amakula sentimita imodzi yokha. Koma Acropora ndiye woyamba kufa madzi akatentha, ndi bulugamu wa m'nyanja pa liwiro koma alibe kulimba kwake. Ndiponso zidutswa chikwi zodulidwa pa tsinde limodzi zili ngati munthu mmodzi yemweyo: matenda akagwira chimodzi agwira zonse. Ku Florida mu 2023 madzi anatentha mpaka nazale zina za zaka zambiri zinafa m'masabata ochepa, ndipo anthu anachita kunyamula makorali kukawasunga m'mathanki kumtunda. Kubzala kuli ndi malo ake, makamaka pamene sitima yagunda thanthwe kapena pamene bomba linaswa. Koma kubzala pa malo amene chomwe chinapha korali woyamba chikadalipo n'kuthira madzi m'dengu.

Chimene chimathandiza thanthwe kudzuka lokha ndi nsomba zodya ndere. Korali akafa, pamwala pamayamba mpikisano pakati pa ndere ndi tiana ta korali. Nsomba za mlomo wonga wa chinkhwe, ndi zina zodya msipu wa pamwala, ndizo zimapalira. Zikatha kugwidwa, ndere imapambana. Ku Jamaica nsomba zotere zinali zitachepa kale, ntchito yopalira itatsalira tizilombo taminga ta pansi pa nyanja. Matenda atapha tizilomboti mu 1983 ndi 1984, matanthwe anakutidwa ndi ndere. Choncho kuteteza korali, kwenikweni, ndi nkhani ya maso a ukonde. Khoka lokokera kugombe limaswa korali n'kukokolola ana a nsomba. Neti ya udzudzu, imene tikuidziwa bwino ku Mtakataka ndi ku Golomoti, ikugwiranso ntchito yomweyo m'magombe a Mozambique. Ku Kenya anayesa kusiya timipata topyapyala m'mbali mwa mono kuti tinsomba tating'ono tizituluka, zazikulu zogulitsa n'kutsala. N'kanthu kotchipa, ndipo mlenje wa mono sataya kwenikweni.

Nzeru ina inayenda kuchoka mudzi kupita mudzi, kudutsa malire popanda nduna. Mu 2004 anthu a ku Andavadoaka, kummwera chakumadzulo kwa Madagascar, mothandizana ndi bungwe la Blue Ventures, anatseka kachigawo ka thanthwe lawo kuti pasagwidwe octopus, nyama ya miyendo isanu ndi itatu imene anzathu a Chiswahili amati pweza. Nyamayi imakula mofulumira kwambiri, moti kutseka miyezi iwiri kapena itatu kumaoneka pa sikelo tsiku lotsegulira. Asodzi a ku Tanzania, Kenya ndi Mozambique anapita kukaona, n'kukayamba kwawo. Kwa ife si zachilendo: pa chilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka nyanja nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Zimene zimasokoneza n'zofanana konsekonse. Tsiku lotsegulira kumabwera khamu la alendo amene sanasale nawo, phindu n'kugawika mpaka eni mudzi kuona ngati anapusitsidwa. Ogula akadziwa kuti katundu achuluka tsiku limodzi amatsitsa mtengo, monga amachitira mavenda a tomato pa Lizulu. Ndipo akagwidwa wakuba usiku n'kupezeka kuti ndi mphwake wa mfumu, mlandu ukazizira, chaka chamawa palibe amene asale. Amene zinawayendera anayamba agwirizana za amene aloledwe kulowa, mtengo ndi ogula, ndi chindapusa, asanaike chizindikiro m'madzi.

Pali akuba amene mfumu singawagwire. Lamulo la nyanja la 1982 limapatsa dziko la gombe ulamuliro pa nsomba mpaka makilomita pafupifupi 370 kuchokera kumtunda, koma kulondera dera lotero kumafuna sitima ndi mafuta, zimene mayiko a kuno alibe zokwanira. Ndiye anaganiza zodikirira wakubayo pa doko. Pangano la FAO, bungwe la United Nations la chakudya ndi ulimi, limene linayamba kugwira ntchito mu 2016 limalola dziko kukaniza sitima yokayikitsa kukocheza, kutsitsa nsomba kapena kumwetsa mafuta, n'kudziwitsa madoko a mayiko ena. Limagwira ngati madoko onse atseka. Limodzi likatsegula, onse amathamangira komweko. Za sitima ya Wakashio ndi phunziro lina. Inali ya kampani ya ku Japan, yolembetsedwa ku Panama, ikupita ku Brazil, ndipo mu Julayi 2020 inagunda thanthwe la korali ku Mauritius n'kutaya matani pafupifupi 1,000 a mafuta. Mlandu wa mayiko anayi pa thanthwe limodzi.

Za ndalama ndingodutsapo. Seychelles inasinthanitsa ngongole ya madola pafupifupi 21 miliyoni ndi lonjezo loteteza magawo 30 pa 100 a nyanja yake, ndipo inalengeza kuti yakwanitsa mu 2020. Ku Montreal mu Disembala 2022 mayiko analonjeza kuteteza magawo 30 pa 100 a mtunda ndi nyanja pofika 2030. Mu 2023 kunalengezedwa cholinga chosonkhanitsa madola 12 biliyoni a korali. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Malo otetezedwa amene alibe boti, mlonda wolipidwa ndi woweruza wozenga mlandu ndi mzera wa pamapu basi, ndipo Dzalanyama ndi nkhalango yotetezedwanso pa pepala pomwe makala ake akudutsa pa njinga masana.

Nanga ife a kumtunda? Sindinganene kuti dothi la m'munda wa ku Bembeke limakagwera pa korali wa ku Bazaruto. Lambiri limakhazikika m'nyanja yathu, m'madamu a Nkula ndi Kapichira, ndi m'dambo la Elephant Marsh. Koma kuwononga kwake n'kwa mtundu womwewo ndipo kumayambira pafupi. Kafukufuku wa boma ndi mabungwe a United Nations anapeza kuti mu 2014 hekitala imodzi kuno inkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa chaka, omwe ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Matope amenewo akalowa m'nyanja ya Malawi amaphimba miyala pamene mbuna zimadya ndere, monga mmene amaphimbira korali kumagombe amchere: amatseka dzuwa, amakwirira chakudya, ndipo feteleza wokokoloka amanenepetsa ndere yolakwika. Mankhwala ake alangizi anatiuza kale. Akalozera oyezedwa ndi chingwe ndi levulo, osati ndi diso, chifukwa mzera wopendekeka umasonkhanitsa madzi mbali imodzi n'kubala chigwembe. Vetiva wobzalidwa mothithikana, masentimita 10 mpaka 15 pakati pa mapando, popeza mpata uliwonse umasanduka khomo la madzi. Ndi kusiya msipu ndi mitengo m'mphepete mwa mtsinje m'malo molima mpaka khasu kunyowa. Pa za madzi a Zambezi tili nawo mpando m'bungwe la ZAMCOM pamodzi ndi mayiko ena asanu ndi awiri.

Mapulasitiki ndiye amayandama, sakhazikika ngati dothi. Kafukufuku wa ku Asia wa 2018 anapeza kuti korali wokoledwa ndi pulasitiki amadwala kwambiri: 89 pa 100, poyerekeza ndi anayi pa 100 mwa osakoledwa. Lamulo lathu loletsa majumbo opyapyala osakwana mamaikironi 60 ndi la 2015, Khoti la Suprimu linalitsimikiza mu 2019, koma pitani pa msika uliwonse madzulo muone. Zokambirana za pangano la dziko lonse la mapulasitiki zinalephereka ku Busan mu Disembala 2024, n'kulepherekanso ku Geneva mu Ogasiti 2025.

Ndipo njira imeneyi ndi yopita ndi kubwera. Feteleza ndi mafuta athu ambiri amatsikira pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Thanthwe la korali lathanzi limathyola mphamvu ya mafunde ndi magawo pafupifupi 97 pa 100 asanafike kumtunda, ndipo midzi ya m'gombe imadalira mpanda umenewo. Madzi ofunda amene amayeretsa korali ndi omwenso amadyetsa anamondwe: Idai anagumula Beira mu Malichi 2019, Kenneth anagunda Quirimbas mwezi wotsatira, Freddy anatipeza ife mu Malichi 2023. Mapu a NOAA oonetsa kutentha kwa madzi pakati pa Mozambique ndi Madagascar ndi aulere, aliyense wa bandulo ya intaneti atha kuwatsegula. Miyezi yowayang'ana ndi Febuluwale mpaka Epulo, pamene kuno chimanga chikumasula ndi kukhwima. Buluu akasanduka wachikasu, kenaka wofiira, ndiye kuti nambala ija yadutsa 4 ndipo ikulowera ku 8.